Kukweza pfSense yakale kwathera panjira, ndipo tsamba loyendetsera silikutsegukanso

Mlonda_wa_Pachipata analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino pfSense, pulogalamu ya firewall yolondera netiweki imene inamangidwa pa dongosolo loyendetsera kompyuta la FreeBSD, makamaka mitundu yake yakale. Mu ofesi imene ndayamba kuyang'anira makompyuta ake posachedwapa muli kamakina kakang'ono kokhala ndi mapoti anayi a netiweki, ndipo ndi kamene kaima pakati pa makompyuta a mu ofesimo ndi intaneti. Kanaikidwa ndi kampani ina imene inasiya kalekale kugwira ntchito ndi ofesiyi, ndipo chichokereni anthu amenewo palibe amene anakagwirako. Nditalowa pa tsamba loyendetsera ndinapeza kuti mtundu umene uli m'menemo ndi 2.4.4, wa m'chaka cha 2018, choncho ndinaona kuti n'kofunika kuukweza, pakuti makina olondera pakhomo sayenera kukhala zaka zonsezi osatsekedwa mipata imene akuba a pa intaneti akhala akuitulukira.

Poyamba tsamba la System > Update linkangolemba kuti "Unable to check for updates". Nditalumikiza sikirini ndi kiyibodi n'kulowa pa shell kudzera pa nambala 8, komandi ya pkg update (pkg ndi chida choikira ndi kukwezera mapulogalamu) inkakana ndi uthenga wakuti "Certificate verification failed". Ndinaona kuti wotchi ya makinawa inali m'mbuyo ndi zaka zingapo, ndipo nditaikonza ndi komandi ya date, uthengawo unachoka ndipo ntchito yokweza inayamba. Mafayilo ambiri anakopedwa, koma ntchitoyo inaima pakati, isanafike pamene makina amadzizimitsa n'kuyakanso. Kuchokera pamenepo pkg ikukana kuyamba, ikungolemba kuti: Shared object "libssl.so.111" not found, required by "pkg". Nditaona kuti pkg-static yokha ikuvomera, ndinayesa pkg-static upgrade monga momwe timachitira pa FreeBSD wamba, koma nayonso inathera panjira. Panopa ndikatsegula tsamba loyendetsera ndikulandira "502 Bad Gateway".

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti intaneti ikuyendabe bwinobwino mu ofesi monse, makompyuta akulandira maadiresi awo, ndipo ngakhale VPN (ngalande yobisa uthenga pa intaneti) yolumikiza ofesiyi ndi nthambi yake ina ikugwirabe ntchito. Sindinazimitse makinawa, ndipo kope la makonzedwe ake sindinalipeze pena paliponse m'mafayilo amene kampani ija inasiya. Kodi ndiwazimitse n'kuwayatsanso kuti mwina ntchito yokweza ipitirire yokha? Ngati ayi, pali njira yokonzera pkg kuti ndimalize zimene zinayambika? Nkhawa yanga yaikulu ili pa malamulo a firewall ndi makiyi a VPN, chifukwa ndikawataya palibe munthu amene akukumbukira momwe anakonzedwera.

Mkonzi_wa_Maseva anayankha:

A Mlonda, musazimitse makinawo, ndipo ngati sanalumikizidwe pa UPS (batire lothandiza magetsi akazima), alumikizeni nthawi ina mukakhala kuti mwatulutsa kale makonzedwe, osati panopa. Intaneti ikuyendabe chifukwa malamulo a pf (chida chosefa zodutsa pa netiweki) analowa kale mu kernel (phata la dongosolo lonse) pamene makina ankayaka komaliza, ndipo mapulogalamu opereka maadiresi, a DNS ndi a VPN akugwira ntchito kuchokera mu memori. Zonsezi sizikudalira mafayilo amene aonongeka pa diski. Koma pfSense ikamayaka imagwiritsa ntchito PHP powerenga makonzedwe, popatsa mapoti maadiresi awo ndiponso polemba malamulo a firewall, ndipo uthenga wa 502 ukutanthauza kuti nginx, pulogalamu yoonetsa tsamba loyendetsera, ikadali moyo pamene PHP yagwa. Mukazimitsa lero, mukhoza kupeza makina amene akuyaka koma osadziwa kuti poti ya kunja ndi iti, ndipo ofesi yonse ikhala yopanda intaneti pa nthawi imene inu mukufunikira intanetiyo kuti mukopere zokonzera.

Ntchito yoyamba ndi kupulumutsa fayilo imodzi yokha, imene ili pa /cf/conf/config.xml. M'fayilo imeneyi muli pafupifupi zonse zimene mukuda nazo nkhawa: malamulo a firewall, NAT, maadiresi, anthu ololedwa kulowa, masatifiketi pamodzi ndi makiyi awo, ndiponso makonzedwe a VPN. Lowetsani fulashi yokonzedwa mwa FAT32, onani dzina limene yapatsidwa pa mizere yomaliza ya dmesg, kawirikawiri limakhala da0, kenaka lembani mount -t msdosfs /dev/da0s1 /mnt, kopani fayiloyo ndi cp, ndipo musaiwale umount /mnt musanazule fulashiyo. Tengani ndi chikwatu chonse cha /cf/conf/backup, chifukwa m'menemo mumasungidwa makope akale a makonzedwe, amene angakuthandizeni ngati fayilo ya panopa inadukira pakati polembedwa. Ngati SSH ndi yotsegula mungathe kugwiritsa ntchito scp, koma mulowe ndi dzina la root. Mukafika nayo pa kompyuta ina, itseguleni muone kuti ikutha ndi mzere wotseka wa pfsense ndiponso kuti si yopanda kanthu. Muisunge mosamala kwambiri, pakuti aliyense amene angaipeze wapeza makiyi a netiweki yanu yonse, ndipo musaiike pano kapena kuitumiza kwa wina aliyense amene akulonjeza kukuthandizani.

Tsopano za chimene chachitika. Mtundu wa 2.4.4 unamangidwa pa FreeBSD 11.2, imene inkabwera ndi laibulale yobisira uthenga ya OpenSSL 1.0.2. Fayilo ya libssl.so.111 ndi ya OpenSSL 1.1.1, imene inalowa mu FreeBSD kuyambira pa 12.0. Ndiye kuti pkg imene muli nayo panopa ndi ya dongosolo latsopano, koma yakhala pa maziko akale amene alibe laibulale imene ikufuna. Pulogalamu ya pkg-static ikugwira ntchito chifukwa inamangidwa itanyamula malaibulale ake onse m'kati mwake, ndipo inapangidwira nthawi ngati zimenezi. Vuto ndi lakuti pkg-static upgrade siidziwa ndondomeko imene pfSense-upgrade imatsata, yoyamba yaika kernel, kuyatsanso makina, kenaka n'kuika zina zonse. Iyo inangoyamba kuchotsa PHP yakale n'kuika yatsopano imene singathe kuyenda pa FreeBSD 11.2. Makina anu ali ngati nyumba imene denga lake lasasulidwa mbali imodzi, malata atsopano asanafike onse.

Ndikufuna tidziwe chimene chinaimitsa ntchito yoyamba ija, chifukwa chikakhala chobisika chidzakugwetsaninso. Werengani mizere yomaliza ya /cf/conf/upgrade_log.latest.txt. Kenaka mutiuze zimene df -h ikusonyeza, makamaka pa mzere wa /, zimene uname -m ndi uname -r zikulemba, ndiponso mndandanda umene pkg-static info -x pfSense ikupereka, kuti tione ngati kernel yatsopano inalembedwa kale pa diski. Ngati smartctl ikuvomera kuyamba, lembaninso smartctl -a /dev/ada0 kuti tidziwe thanzi la diskiyo. Ine ndikukayikira kwambiri kuti diski inadzaza, chifukwa timakina totere nthawi zambiri timakhala ndi diski yaing'ono, ndipo ngati munaikidwa Squid kapena pulogalamu ina yosunga mbiri ya zodutsa pa netiweki, malo amatha mwakachetechete.

Nkhani ya wotchi musaitenge kuti yatha. Wotchi yobwerera m'mbuyo zaka zingapo imasonyeza kuti batire la pa bolodi, limene nthawi zambiri limakhala CR2032, linatha mphamvu, komanso kuti NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa netiweki, sinkagwira ntchito yake. Satifiketi iliyonse imakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, choncho makina amene akuganiza kuti ali m'chaka chakale amaona satifiketi ya lero ngati imene nthawi yake sinakwane. Palinso vuto lina lofanana nalo limene limagwira makina akale ngakhale wotchi ili yolondola: satifiketi yaikulu ya AddTrust inatha pa 30 May 2020, ndipo ya DST Root CA X3 inatha pa 30 September 2021, ndipo OpenSSL yakale inkapunthwa pa masatifiketi otha ntchitowa ngakhale pamene njira ina yovomerezeka inalipo. Mukadzaona uthenga wa satifiketi pa makina ena akale, kumbukirani kuti nthawi zambiri zifukwa zimakhala ziwirizi, ndipo musamazimitse kufufuza kwa satifiketi pofuna kuti zinthu ziyende msanga, makamaka pa makina a chitetezo.

Maganizo anga ndi akuti musavutike n'kukonza zimene zasweka. Mukapulumutsa config.xml, ikani pulogalamu yatsopano kuyambira pachiyambi, kenaka mubwezeretse makonzedwewo.

Chingwe_Chachisanu anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mkonzi pa zonse zokhudza kusazimitsa ndi kupulumutsa makonzedwe, koma pa mfundo yomaliza ndili ndi maganizo ena pang'ono. Si nthawi zonse pamene munthu amakhala ndi mwayi woimitsa ofesi kuti aike pulogalamu mwatsopano, ndipo makina amene anaima chifukwa cha kudzaza kwa diski nthawi zina amatheka kuwatsitsimutsa. Ngati df -h ikusonyeza kuti malo atha, pezani chimene chadya malowo ndi du, chotsani zosungidwa za Squid ndi mbiri zakale, kenaka lembani pkg-static clean -ay kuti mafayilo amene anakopedwa theka achoke. Mukatero, pkg-static install -fy pkg pfSense-repo pfSense-upgrade imabwezeretsa zida zitatu zimene ntchito yokweza imadalira, ndipo pfSense-upgrade -d imayambitsanso ntchitoyo ikulemba tsatanetsatane wa chilichonse chimene ikuchita. Ndaonapo makina akudzuka mwa njira imeneyi.

Komabe ndinene chilungamo kuti njirayi imayenda bwino pamene mtunda uli waufupi, monga kuchoka pa mtundu umodzi kupita pa wotsatira wake. Inu muli kutali. Pakati pa 2.4.4 ndi 2.7 pali 2.4.5 ya mu 2020, 2.5 ya mu 2021 ndi 2.6 ya mu 2022, ndipo ulendowu ukutanthauza kuchoka pa FreeBSD 11 kudutsa pa 12 mpaka pa 14, komanso kuchoka pa PHP 7.2 kufika pa 8.2. Mungafunike kukwera pang'onopang'ono posankha nthambi yoyenera pa sitepe iliyonse, ndipo popeza tsamba loyendetsera lagwa, kusankha nthambiyo kukhala kovuta. Choncho yesani njirayi pokhapokha config.xml ili kale m'manja mwanu ndipo fulashi yoikira pulogalamu yatsopano ili pa tebulo, yokonzeka, kuti zikakanika musayambe kufunafuna intaneti.

Chinanso, achimwene, uname -m ija musaidumphe. Popeza muli pa 2.4.4 iyenera kulemba amd64, chifukwa mtundu wa 2.4, umene unatuluka mu 2017, unasiya makina a 32-bit ndi NanoBSD. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha ena amene angawerenge pano ali pa 2.3: iwo akaona i386, palibe komandi imene ingawafikitse pa mtundu watsopano, ndipo ayenera kuika mwatsopano pa makina a 64-bit.

Mlonda_wa_Pachipata anayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Fayilo ya config.xml ndi chikwatu cha backup zili tsopano pa fulashi ndiponso pa kompyuta ina yotetezedwa, ndipo ndaona kuti fayiloyo ndi yathunthu. Mtima wanga wakhala pansi kwambiri.

A Mkonzi, munalasa. Kumapeto kwa upgrade_log.latest.txt kwalembedwa kuti "No space left on device", ndipo df -h ikusonyeza kuti gawo la / ladzaza kotheratu. Malo ambiri anadyedwa ndi zosungidwa za Squid, imene ikuoneka kuti inaikidwa kalekale ngakhale kuti palibe kompyuta imene ikudutsiramo. Komandi ya uname -m ikulemba amd64, uname -r ikusonyezabe 11.2, koma pa mndandanda wa pkg-static ndikuona kuti kernel ili ndi nambala ya mtundu watsopano pamene zina zambiri zikadali pa 2.4.4. Pa smartctl, mzere wa Reallocated_Sector_Ct suli pa ziro, ndipo pa dmesg pali mauthenga obwerezabwereza onena za kulephera kulemba pa ada0. Za NTP ndapezanso chifukwa chake: mu config.xml seva ya nthawi inalozedwa ku adiresi ya m'kati mwa ofesi, ya kompyuta imene inachotsedwa kale.

Poona zimenezi ndikuganiza zotsata njira yoika mwatsopano. Funso langa tsopano ndi lakuti, kodi mtundu watsopano ungavomere makonzedwe ochokera ku mtundu wakale chonchi? Nanga pali zimene ndiyenera kuyembekezera kuti zisintha, makamaka pa VPN? Tili ndi IPsec yopita ku nthambi ina, ndiponso OpenVPN ya anthu ochepa ogwira ntchito ali kutali.

Mkonzi_wa_Maseva anayankha:

Zimene mwapezazi zathetsa kusiyana maganizo kumene kunalipo, ndipo ndikukhulupirira kuti a Chingwe avomereza. Diski imene ikulephera kulemba siyenera kulandira pulogalamu yatsopano, ndipo kernel imene inalembedwa pa nthawi imene malo ankatha ikhoza kukhala yodukaduka, moti makinawo mwina sakanayakanso n'komwe mukanawazimitsa. Pezani diski ina, makamaka yokulirapo, ndi batire latsopano. Diski yakaleyo muichotse n'kuisunga momwe iliri, osaifufuta, kuti ngati padzapezeke fayilo ina imene munaiwala mudzathe kuitenga.

Kopani pulogalamu yoikira panopa, intaneti ikadalipo, ndipo yerekezani SHA256 yake, nambala yotsimikizira kuti fayilo sinaonongeke, ndi imene yalembedwa pa tsamba la eni ake musanailembe pa fulashi. Fufuzaninso ngati imene mwatengayo imafuna intaneti pa nthawi yoika, chifukwa zina zatsopano zimakoka mafayilo pa intaneti zikamagwira ntchito, ndipo pamenepo muyenera kudziwiratu momwe poti ya kunja idzalumikizikire, monga dzina ndi mawu achinsinsi a PPPoE ngati mumagwiritsa ntchito njira imeneyo. Pamene ikufunsani za njira yosungira mafayilo pa diski, sankhani ZFS. Njira yakale ya UFS, imene mwina ndi yomwe muli nayo panopa, imavutika magetsi akazima mwadzidzidzi, ndipo munthu amakakamizika kuyendetsa fsck mobwerezabwereza kuti makina ayake. ZFS imapirira bwino zoterezi, ndipo imakulolani kujambula dongosolo lonse ndi bectl musanakweze, kuti zikavuta mubwerere pamene munali. Palibe njira yosinthira UFS kukhala ZFS popanda kuika mwatsopano, choncho mwayi wake ndi uno.

Pa funso lanu loyamba, yankho ndi lakuti inde. Mu config.xml muli nambala ya mtundu wa makonzedwe, ndipo pfSense yatsopano ikaona nambala yakale imasintha fayiloyo sitepe ndi sitepe mpaka ifike pa kalembedwe ka lero. Chimene sichitheka ndi kubwerera m'mbuyo, kutenga makonzedwe a mtundu watsopano n'kuwaika pa wakale, n'chifukwa chake kope loyambirira muyenera kulisunga losasinthidwa. Mukamaliza kuika, lowani pa Diagnostics > Backup & Restore n'kubwezeretsa fayiloyo. Popeza makina ndi omwewo, mayina a mapoti monga igb0 kapena em0 ayenera kugwirizana, koma ngati angasiyane, pulogalamuyo idzakufunsani kuti muwagawenso, choncho lembani pa pepala panopa kuti chingwe chilichonse chalowa poti iti, ndipo jambulani zimene ifconfig ikusonyeza. Ikadzayaka idzayesa kukopanso mapulogalamu owonjezera amene atchulidwa m'makonzedwe. Squid ija, popeza palibe amene akuigwiritsa ntchito, mudzaichotse ikangobwerera, isanayambenso kudya malo.

Mayi_wa_Netiweki anayankha:

Ndiwonjezepo pa nkhani ya VPN, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadzidzimuka atamaliza kuika bwinobwino. Makonzedwe amabwerera onse, koma njira zina zakale zobisira uthenga zinachotsedwa, ndipo ngalande imene inkadalira njira zimenezo siidzukanso ngakhale kuti pa tsamba zonse zikuoneka zili m'malo mwake.

Tsegulani kope la config.xml pa kompyuta yanu, mupite pa gawo la ipsec, muone zimene zinasankhidwa pa phase 1 ndi phase 2. Kuyambira pa mtundu wa 2.7, 3DES, Blowfish, CAST128 ndi MD5 sizikugwiranso ntchito pa IPsec. Ngati ngalande yanu inamangidwa pa imodzi mwa zimenezi, mbali zonse ziwiri ziyenera kusamukira ku AES ndi SHA256, ndipo zimenezi zikufuna kuti mulankhule ndi amene amayang'anira makina a ku nthambi inayo tsiku loika lisanafike. Chovuta chake n'chakuti ngati inu mumafika pa makina a kumeneko kudzera m'ngalande yomweyo, ikagwa simudzakhalanso ndi njira yowasinthira muli kutali. Choncho mupemphe kuti kumeneko awonjezeretu AES ndi SHA256 pambali pa zakalezo, ngati makina awo amalola kusankha zingapo, kapena pakhale munthu wodziwa amene adzakhale pafupi ndi makinawo pa ola limene mwagwirizana.

Pa OpenVPN zofunika kuona ndi ziwiri. Choyamba ndi cipher: makonzedwe akale ambiri ankagwiritsa ntchito BF-CBC, imene mitundu yatsopano ya OpenVPN inasiya kuidalira, ndipo mafayilo amene ogwira ntchito anapatsidwa kalelo angafunike kutulutsidwanso. Chachiwiri ndi masatifiketi. OpenSSL 3.0, imene ili mu pfSense yatsopano, imakana masatifiketi osainidwa ndi MD5 kapena SHA1, choncho onani kuti CA yanu, satifiketi yaikulu imene imasainira ena onse, ndi masatifiketi a seva ndi a anthu anasainidwa ndi chiyani, komanso kuti akutha liti. Makina amene wotchi yake inali m'mbuyo akhoza kukhala kuti ankavomereza masatifiketi amene anatha kale, ndipo mukakonza nthawi zoona zake zimaonekera. Ngati n'kofunika kupanga CA yatsopano, aliyense wogwiritsa ntchito VPN ayenera kulandira fayilo yatsopano, ndipo ndi bwino kuwachenjeza pasadakhale kusiyana n'kuti adzazindikire m'mawa wa tsiku la ntchito. Onaninso ngati munali load balancer yomangidwira m'kati, ya relayd, chifukwa inachotsedwa pa 2.5.

Pali mfundo ina imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonsezi. Makinawa akhala pa intaneti zaka zambiri osakonzedwa, pa FreeBSD 11 imene inasiya kulandira thandizo la chitetezo pa 30 September 2021, ndipo anthu amene anawaika sagwiranso ntchito nanu. Kubwezeretsa config.xml kumabwezeretsanso chilichonse chimene iwo anasiyamo. Mukangoyatsa, pitani pa User Manager muchotse mayina amene simukuwadziwa pamodzi ndi makiyi a SSH amene ali pansi pa mayinawo, sinthani mawu achinsinsi a admin ndi kiyi yogawana ya IPsec, ndipo werengani malamulo a pa WAN, poti ya kunja ija, mzere ndi mzere. Kawirikawiri mumapezeka lamulo limene linatsegula tsamba loyendetsera kapena SSH ku intaneti kuti kampani izitha kulowa ili kutali, kapena NAT yolozera ku kompyuta imene inachoka kale, ndipo adiresi yakeyo ikhoza kukhala kuti inapatsidwa kwa kompyuta ina imene siyenera kuonekera kunja. Masatifiketi a VPN a anthu amene anasiya ntchito muwaike pa mndandanda wa oletsedwa.

Chingwe_Chachisanu anayankha:

Ndavomereza, pa diski yotero njira yanga ija isiyeni. Ndingowonjezera kuti ngati muli ndi kompyuta ina yokhala ndi VirtualBox kapena pulogalamu yofanana nayo, ikanimo pfSense yatsopano n'kubwezeretsamo config.xml tsiku loika lisanafike, koma makadi ake a netiweki akhale osalumikizidwa ku netiweki ya ofesi, kuti isayambe kupereka maadiresi molimbana ndi makina enieni. Mukatero mudzaoneratu machenjezo onse amene mayi atchulawa muli phee, ndipo mudzatha kuwerenga malamulo pa tsamba m'malo mowasanthula mu XML.

Mlonda_wa_Pachipata anayankha:

Ndabwera kudzakudziwitsani momwe zayendera. Ndinayamba ndi kuyesa pa VirtualBox monga munanenera, a Chingwe, ndipo zinaoneka kuti IPsec yathu inalidi pa 3DES. Tinagwirizana ndi mnzanga wa ku nthambi ija kuti asinthe mbali yake pa ola limodzi ndi ine. Madzulo anthu ataweruka ndinasintha diski ndi batire, ndinakonza nthawi mu BIOS, ndinaika pulogalamu yatsopano pa ZFS n'kubwezeretsa makonzedwe. Mapoti onse anagwirizana ndi mayina awo akale, intaneti inabwerera, ndipo ngalande ya IPsec inadzuka titangoika AES ndi SHA256 mbali zonse ziwiri. NTP ndailozera ku pool.ntp.org, ndipo Squid ndaichotsa.

Mayi, zimene munachenjeza ndinazipezadi. Pa WAN panali lamulo lotsegula tsamba loyendetsera kwa wina aliyense pa intaneti, ndipo pa User Manager panali dzina la kampani ija lokhala ndi mphamvu zonse. Zonse ziwiri ndazichotsa ndipo mawu achinsinsi ndasintha. Chimene chatsala ndi OpenVPN: CA yathu inasainidwa ndi SHA1, choncho seva ikukana kuyamba. Ndapanga CA yatsopano ya SHA256 ndi satifiketi ya seva, ndipo ndikutulutsa mafayilo a ogwira ntchito mmodzimmodzi kudzera pa pulogalamu yowonjezera ya openvpn-client-export. Funso limene ndatsala nalo ndi lakuti, kodi CA yakaleyo ndiifufute panopa, kapena ndiyambe ndadikira?

Mayi_wa_Netiweki anayankha:

Musaifufute msanga. Pa tsamba la masatifiketi pali gawo losonyeza kumene satifiketi iliyonse ikugwiritsidwa ntchito, ndipo muyambe mwaona ngati tsamba loyendetsera lenilenilo, IPsec kapena kulumikizana ndi LDAP sizikudalira satifiketi yochokera ku CA yakaleyo. Chilichonse chimene chikuidalira muchisamutsire ku yatsopano, kenaka muchotse masatifiketi akale, ndipo CA ikhale yomaliza kuchoka. Mukamaliza, tulutsani kope latsopano la makonzedwe pa Backup & Restore, musankhe kuti likhale lotsekedwa ndi mawu achinsinsi, ndipo mawuwo muwapereke kwa mkulu wa ofesi mu envelopu yomata, pamodzi ndi pepala lija losonyeza chingwe chilichonse ndi poti yake.